Makina Othandiza Kupuma Angavulaze Mapapo: Zimene Makoswe a M'labotale Anaulula

Munthu akalephera kupuma yekha, kaya chifukwa cha chibayo choopsa, ngozi ya pamsewu, poizoni kapena matenda olowa m'magazi, madokotala amamulowetsa paipi kukholingo n'kumulumikiza ku makina othandiza kupuma, aja amati ventileta. Makinawa apulumutsa anthu osawerengeka. Koma makina omwewa akachunidwa molakwika amang'amba mapapo amene akufuna kuwathandizawo. Zimenezi sizinadziwikire pa bedi la wodwala. Zinadziwikira pa tebulo la m'labotale, pa makoswe ogonetsedwa ndi mankhwala, ndipo panadutsa zaka 26 zipatala zisanasinthe kachitidwe kake.

Kodi makina ongolowetsa mpweya angavulaze bwanji mapapo?

Kupuma kwathu kwa masiku onse ndi kokoka. Mnofu waukulu wa pansi pa mapapo umatsika, nthiti zimatanuka, chifuwa chimakula, mpweya n'kulowa wokha. Makina sachita choncho, amakankha. Amapopera mpweya m'paipi mpaka mapapo afufume, kenako amasiya kuti utuluke. Akamachita zimenezi ka 20 pa mphindi, ndiye kuti pa tsiku limodzi mapapo akankhidwa ka 28,800.

Mapapowo si matumba awiri opanda kanthu mkati. Mwa munthu wamkulu muli timatumba ta mpweya pafupifupi 480 miliyoni, ndipo kalikonse kazunguliridwa ndi timitsempha ta magazi. Khoma lolekanitsa mpweya ndi magazi ndi lopyapyala kwambiri, moti mutaphatikiza makoma 100 otero sangafikebe pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Liyenera kutero kuti mpweya wa okosijeni udutse msanga. Khoma lotero likakokedwa mopyola malire limachita timing'alu, madzi a m'magazi pamodzi ndi mapuloteni n'kuyamba kuchuchira m'timatumba tija. Katumba kodzaza madzi sikalandiranso mpweya.

Nanga madokotala sanazione bwanji zimenezi kuyambira pachiyambi?

Chifukwa choyamba n'choti makinawa anafika ngati mpulumutsi, ndipo analidi mpulumutsi. Mu 1952 mliri wa poliyo unagwa mumzinda wa Copenhagen ku Denmark. Pa chipatala cha Blegdam, mwa odwala 31 oyambirira amene poliyo inawafoola minofu yopumira, 27 anamwalira. Dokotala wogonetsa odwala, Bjørn Ibsen, anabwera ndi nzeru yoboola kholingo, kulowetsamo paipi ndi kufinya thumba la mphira ndi manja. Ophunzira zaudokotala pafupifupi 1,500 ankasinthana kufinya matumbawo usana ndi usiku kwa miyezi, ndipo imfa zinatsika kufika pafupifupi theka. Zipinda za odwala mwakayakaya zimene tili nazo lero zinachokera pamenepo.

Chifukwa chachiwiri n'choti madokotala ankaopa vuto lina. Mu 1963 Henrik Bendixen ndi anzake ku Boston anaonetsa kuti odwala ogonetsedwa pa opaleshoni akamapatsidwa mpweya wochepa, mbali zina za mapapo zimafwapa ndipo okosijeni amatsika m'magazi. Zitatero chinakhala chizolowezi kupereka mpweya wochuluka, mamililita 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, pamene munthu wopuma yekha amakoka mamililita 6 kapena 7 okha.

Chachitatu ndiye chovuta zedi. Mu 1967 David Ashbaugh, Thomas Petty ndi anzawo ku Denver analemba za odwala 12 amene mapapo awo anatupa n'kudzaza madzi mwadzidzidzi, matenda amene lero amatchedwa ARDS. Mapapo owonongedwa ndi matendawa ndi mapapo owonongedwa ndi makina amaoneka chimodzimodzi ngakhale pa maikulosikopu. Wodwala akamwalira pa makina, aliyense ankati matenda amupha. Panalibe njira yolekanitsira ziwirizi mwa munthu, chifukwa palibe amene angatenge munthu wa mapapo abwinobwino n'kumupopera mpweya wambiri dala kuti aone chimene chichitike.

Ndiye makoswe analowamo bwanji?

Mu 1974 ofufuza awiri a ku America, Herbert Webb ndi Donald Tierney, anatenga makoswe a mapapo abwinobwino, kuwagonetsa, n'kuwaika pa makina. Mphamvu yokankhira mpweya imayezedwa ndi masentimita a madzi, kutanthauza msinkhu umene mphamvuyo ingakwezere madzi m'kapaipi koimirira. Gulu lina analipatsa masentimita 14, lina 30, lina 45.

Makoswe a 14 anatha ola lathunthu mapapo ali bwinobwino. A 30 anayamba kusonkhana madzi mozungulira mitsempha ya m'mapapo. A 45 mapapo awo anadzaziratu madzi, okosijeni anatsika, ndipo anafa ola lisanathe. Panalibe chibayo, panalibe poizoni, panalibe matenda ena alionse. Chinawapha ndi makina.

Anachitanso chinthu china chimene phindu lake linadzaoneka pambuyo pake. Gulu lina analipatsa mphamvu yomweyo ya 45, koma anachuna makina kuti potulutsa mpweya asamausiye wonse kutuluka, azisiya mphamvu ya masentimita 10 yogwiriza mapapo. Mphamvu yotsalirayi madokotala amaitcha PEEP. Makoswe amenewa timatumba tawo sitinadzaze madzi.

Munthu angaganize kuti zipatala zinagwedezeka. Sizinatero. Ambiri anati izo ndi za makoswe, tinyama ting'onoting'ono topatsidwa mpweya umene palibe dokotala angapatse munthu. Kwa zaka zoposa khumi zotsatirazi zinkangodziwika kwa ofufuza owerengeka.

Kodi m'labotalemo zimachitika bwanji kwenikweni?

Khoswe wake si uja wa m'nkhokwe. Ndi makoswe oyera oweteredwa kafukufuku, makamaka a mtundu wa Wistar ndi Sprague-Dawley, olemera magalamu 250 mpaka 350, ofanana msinkhu ndi kadyedwe kuti kusiyana kulikonse kooneka pamapeto kukhale kochokera ku makina osati kwina.

Khoswe amabayidwa kapena kupumitsidwa mankhwala ogonetsa. Wofufuza amatsina chala cha kuphazi, ndipo akaona kuti mwendo sukugwedezeka m'pamene amayamba. Amamugoneka chagada pa kamphasa kotenthetsa, chifukwa kanyama kakang'ono kogonetsedwa kamazizidwa msanga. Amacheka pang'ono pakhosi, kuboola kholingo, kulowetsa kapaipi n'kukamanga ndi ulusi kuti mpweya usathawire m'mbali. Kapaipi kena kamalowa mumtsempha wa m'khosi kuti aziyeza kuthamanga kwa magazi ndi kutengako timadontho toyezera okosijeni. Khoswe wa magalamu 300 amakoka mpweya wosakwana mamililita awiri pa kupuma kumodzi, wosafika theka la kasupuni ka tiyi. Gulu loyerekezera limapatsidwa womwewo. Gulu loti livulale limapatsidwa mamililita 20, 30 kapena 40 pa kilogalamu, kwa ola limodzi mpaka maola anayi kapena kuposerapo.

Zikafika poipa zimaoneka ndi maso. Mapapo amauma gwa, makina n'kumafuna mphamvu yowonjezereka kuti alowetse mpweya womwe uja. Kenako m'kapaipi muja mumayamba kukwera thovu lofiirira.

Pamapeto khoswe amaphedwa asanadzuke, ndi mankhwala ogonetsa ochuluka kapena pomuchotsa magazi ali mtulo. Mapapo abwino amakhala opepuka, ofiira motuwira. Ovulala amakhala olemera, ofiira moderapo, a mawangamawanga. Chidutswa chimodzi amachiyeza pa sikelo chikadali chachiwisi, kuchiumitsa mu uvuni masiku awiri kapena atatu, n'kuchiyezanso. Chabwinobwino chimalemera ka 4 kapena 5 kuposa chouma, ndipo nambalayi ikakwera ndiye kuti munali madzi osafunika. Mbali ina amaitsukuluza ndi madzi amchere n'kuwerenga mapuloteni ndi maselo oyera a magazi otuluka m'madzimo. Ena amabaya utoto wabuluu wa Evans m'magazi khoswe akadali pa makina: utoto ukapezeka wambiri m'mapapo ndiye kuti timitsempha tikudontha. Chidutswa chotsala amachidula mopyapyala n'kuchiika pa maikulosikopu, ndipo woyang'anayo sayenera kudziwa kuti chachokera ku gulu liti.

Popeza odwala enieni safika pa makina ndi mapapo abwino, ofufuza ambiri amayamba avulaza mapapo a khoswe pang'ono, ndi asidi wonga wa m'mimba, ndi poizoni wa mabakiteriya, kapena powatsuka ndi madzi amchere, kenako n'kumuika pa makina. Mapapo ovulala kale sachedwa kuwonongeka, ngakhale ndi mpweya umene mapapo abwino akanaupirira.

Chimavulaza n'chiyani, mphamvu yokankhira kapena kuchuluka kwa mpweya?

Funso limeneli linayankhidwa ku Paris ndi Didier Dreyfuss, Georges Saumon ndi anzawo, ndipo kwa ine kafukufuku wawo ndi mmodzi mwa okoma kwambiri pa nkhani yonseyi, chifukwa anafuna nzeru osati zipangizo zodula. Mu 1985 anabwereza ntchito ya Webb ndi Tierney n'kuona kuti timitsempha timayamba kudontha m'mphindi zisanu zokha, ndipo pofika mphindi 20 makoma a timatumba amakhala atasendeka. Mu 1988 anagawa makoswe mwanjira ina. Ena anawapatsa mphamvu ya 45 monga kale, chifuwa chili chomasuka. Ena anawapatsa mphamvu yomweyo ya 45 koma atawamanga chifuwa ndi mimba ndi malamba a mphira, kuti mapapo asathe kufufuma kwambiri. Ena anawaika m'kabokosi kokoka chifuwa kuchokera kunja, konga makina achitsulo a nthawi ya poliyo, moti mpweya wambiri unkalowa popanda kukankhidwa kukholingo.

Omangidwa malamba aja sanavulale, ngakhale mphamvu inali yaikulu. A m'kabokosi aja anavulala, ngakhale panalibe chowakankhira mpweya. Choncho chowononga si nambala ya mphamvu yooneka pa makina, koma mmene mapapowo atanukira.

Aliyense amene anamatapo chubu cha njinga akudziwa zimenezi. Chubu chikakhala m'tayala mumachipopa mpaka tayala kulimba gwa, osaphulika, chifukwa tayala likuchiletsa kufufuma. Chubu chomwecho mukachipopa chili panja chimatupa mbali imodzi n'kuphulika ndi mpweya wochepa mphamvu. N'chifukwa chakenso oimba lipenga amafikitsa mphamvu ya m'chifuwa pa masentimita 150 mapapo osavulala: minofu ya chifuwa ndi mimba imakhala itafinya mapapowo kuchokera kunja.

Ngati vuto ndi kufufuma mopyola, mphamvu yotsalira ija imateteza bwanji? Si ikuwonjezera mpweya?

Mapapo amavulala mbali ziwiri, pamwamba ndi pansi. Mkati mwa katumba kalikonse muli timadzi toterera totchedwa surfactant, timene timaletsa makoma kumatana mpweya ukatuluka. M'mapapo odwala timadziti timachepa kapena kuwonongeka, ndiye timatumba ndi tinjira ta mpweya timafwapa pa kutulutsa kulikonse, n'kukanulidwanso mwamphamvu pa kulowetsa kotsatira. Kumatana ndi kukanuka kumeneku, kambirimbiri pa ola, kumasenda maselo a m'makoma.

Mu 1970 Jere Mead ndi anzake ku Harvard anawerengera kuti pa malire a chigawo chofwapa ndi chigawo chofufuma, mphamvu ya masentimita 30 ikhoza kukoka minofu ngati ya 140. Mu 1994 John Muscedere, Arthur Slutsky ndi anzawo ku Toronto anazionetsa m'mapapo a makoswe ochotsedwa m'thupi n'kutsukidwa: opatsidwa PEEP yochepa kapena osapatsidwa n'komwe anavulala kwambiri kuposa opatsidwa yokwanira kuwagwiriza, ngakhale mpweya wolowa unali wochepa. PEEP yopyola muyeso nayonso ili ndi zake, imafufumitsa zigawo zabwino ndi kupanikiza mtima. Mlingo woyenera wodwala aliyense madokotala akukambiranabe mpaka lero.

Kodi kuvulalako kumathera m'mapapo momwemo?

Ayi, ndipo apa m'pamene nkhaniyi inakulira. Odwala ARDS ambiri safa chifukwa chosowa okosijeni. Amafa impso, chiwindi ndi mtima zikayamba kulephera motsatizana. Mu 1997 Lorraine Tremblay ndi Slutsky, pamodzi ndi anzawo, anapeza kuti mapapo a makoswe opopedwa mwankhanza amatulutsa timadzi toitana asilikali a m'thupi, tonga TNF ndi interleukin. Maselo akakokedwa amakuwa, asilikali amakhamukira kumeneko, kutupa kumakula, ndipo timadzi tija tikadutsa m'makoma ong'aluka timayenda ndi magazi thupi lonse. Ofufuza a ku Rotterdam anaonanso kuti makoswe oikidwa mabakiteriya m'mapapo, akapopedwa mwankhanza, mabakiteriyawo amalowa m'magazi mosavuta. Mu 2003 kafukufuku wa akalulu anaonetsa maselo a impso ndi matumbo akufa chifukwa cha kachunidwe koipa ka makina.

Sikuti onse anangovomereza. Mu 2001 gulu la Dreyfuss linayesa kubwereza zina mwa zimenezi ndipo silinapeze TNF wochuluka m'mapapo amene anali abwinobwino poyamba. Mtsutsowo unathandiza, chifukwa unakakamiza ofufuza kusiyanitsa mapapo abwino ndi mapapo oputidwa kale, ndi kusamala za ukhondo wa zipangizo zawo.

Koma khoswe si munthu. Tingakhulupirire bwanji zochokera kwa iye?

Funsoli ndi lachilungamo ndipo lisamathawidwe. Khoswe amapuma ka 80 kapena 100 pa mphindi, munthu ka 12 mpaka 20. Phapo lake la kumanzere ndi lachigawo chimodzi, la kumanja zinayi, pamene munthu ali ndi ziwiri ndi zitatu. Chifuwa cha khoswe ndi chofewa. Amavulala m'mphindi zowerengeka, pamene nkhosa zimene Theodor Kolobow anaziika pa mphamvu ya 50 mu 1987 zinatenga maola ambiri, zina mpaka masiku awiri. Makoswe a m'labotale amakhala aang'ono, athanzi, kawirikawiri amphongo okhaokha, ndipo amakhala pa makina maola ochepa. Wodwala weniweni angakhale wazaka 65, wa shuga kapena HIV, ndipo amakhala pa makina sabata yathunthu kapena kuposa.

Komabe pali zofanana zozama. Nyama zoyamwitsa, zazing'ono ndi zazikulu zomwe, zimakoka mpweya pafupifupi mamililita 6 kapena 7 pa kilogalamu, ndipo khoma la pakati pa mpweya ndi magazi linapangidwa mofanana.

Nanga dandaulo lija loti palibe dokotala amapatsa munthu mamililita 40 pa kilogalamu? Analiyankha ndi Luciano Gattinoni wa ku Milan m'zaka za m'ma 1980, atayamba kujambula odwala ARDS ndi makina a CT. Anapeza kuti mbali yaikulu ya mapapo awo, makamaka ya kumsana, imakhala yofwapa kapena yodzaza madzi, ndipo yotsala yolandira mpweya ndi yaing'ono ngati mapapo a mwana wazaka 5 kapena 6. Mamililita 800 kapena 900 oyenera mapapo athunthu a munthu wamkulu ankathera onse m'kachigawo kameneko. Kwa kachigawoko, mpweyawo sunkasiyana kwenikweni ndi wa makoswe a Webb ndi Tierney.

Pamene makoswe asokeretsa anthu ndi pa chithandizo. Mankhwala a mtundu wa salbutamol ankathandiza mapapo a makoswe kuchotsa madzi, koma atayesedwa mwa odwala ARDS ku Britain kudzera m'mitsempha, kafukufuku anaimitsidwa chifukwa omwalira anachuluka, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2012. Mankhwala otchedwa KGF anateteza mapapo a makoswe, koma mwa odwala a ku Northern Ireland, mu 2017, sanathandize ndipo olandira anachedwa kuchoka pa makina. Makina ogwedeza mpweya wochepa kwambiri kambirimbiri pa sekondi anaoneka abwino pa nyama, koma m'kafukufuku wotsogozedwa ndi a ku Canada mu 2013, odwala 47 pa 100 alionse anamwalira poyerekeza ndi 35 a makina wamba. Ine ndimaona kuti khoswe ndi mboni yodalirika pofotokoza mmene chinthu chimawonongekera, koma si woweruza wa chithandizo. Chigamulo chimenecho chiyenera kuchokera kwa odwala enieni, m'kafukufuku woyendetsedwa bwino.

Umboni wa anthu unabwera liti?

Mu 1990 Keith Hickling wa ku Christchurch, New Zealand, analemba kuti odwala ake amene ankawapatsa mpweya wochepa, n'kulola mpweya woipa kukwera pang'ono m'magazi, ankapulumuka kuposa mmene zimayembekezekera. Mu 1998 Marcelo Amato wa ku São Paulo, Brazil, anayesa odwala 53: mwa otetezedwa mapapo anamwalira 38 pa 100 alionse, mwa enawo 71. Akafukufuku ena ang'onoang'ono a nthawi yomweyo sanapeze kusiyana, choncho mtsutso unapitirira.

Unatha mu 2000. Gulu la zipatala za ku America lotchedwa ARDS Network linagawa odwala 861 pawiri, ena mamililita 12 pa kilogalamu, ena 6, ndipo kwa a 6 mphamvu ya m'mapapo isapyole 30. Mwa a 12 anamwalira pafupifupi 40 pa 100 alionse, mwa a 6 anamwalira 31. Kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi isanakwane chifukwa kupitiriza kukanakhala kulakwira odwala a gulu la 12. M'magazi a gulu la 6 munalinso interleukin wochepa, monga anasonyezera makoswe.

Pali mfundo ina m'kafukufukuyu imene ndimafuna wophunzira aliyense wa zaumoyo aidziwe. M'masiku oyambirira, odwala opatsidwa mpweya wochuluka ndiwo anali ndi okosijeni wokwera m'magazi. Pa pepala ankaoneka kuti akuchira bwino, koma ndi amene anamwalira ambiri. Dokotala wongoyang'ana nambala ya lero akanasankha njira yolakwika.

Mu 2013 Claude Guérin wa ku Lyon anaonetsa mwa odwala 466 kuti kugoneka wodwala kwambiri chafufumimba maola 16 kapena kuposa pa tsiku kunatsitsa imfa kuchoka pa 33 kufika pa 16 pa 100 alionse. Kugona motero kumagawa mpweya mofanana m'mapapo, ndiye palibe chigawo chimene chimasenza wonse. Ambiri anadzazidziwa zimenezi nthawi ya Covid-19.

Kodi si nkhanza kuchita zotere pa nyama?

Kuvulaza mapapo a nyama yamoyo dala si chinthu chopepuka, ndipo wofufuza amene samvanso kulemera kwake ayenera kusiya ntchitoyo. Mu 1959 William Russell ndi Rex Burch a ku Britain anakhazikitsa mfundo zitatu zimene malamulo a mayiko ambiri amatsata lero: gwiritsani njira ina ngati ilipo, chepetsani chiwerengero cha nyama, chepetsani kuvutika kwake. M'kafukufuku wa mtundu uwu khoswe amakhala mtulo kuyambira pocheka mpaka pa imfa, ndipo komiti yoona za ufulu wa nyama iyenera kuvomereza ntchitoyo isanayambe. Pamene pamafunika diso kwambiri ndi pa mankhwala ofoola minofu, chifukwa khoswe wofooledwa sangagwedezeke ngakhale tulo titamuthera. N'chifukwa chake kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi ziyenera kuyang'aniridwa nthawi yonse.

Mafunso ena tsopano amayankhidwa ndi maselo a mapapo omeretsedwa pa kapepala kotanuka, ndi zidutswa za mapapo, kapena ndi kompyuta. Koma mtima, magazi, impso ndi asilikali a m'thupi zikugwira ntchito pamodzi sizinapezeke m'botolo. Nkhanza imene ine sindiikhululukira ndi kafukufuku wosalongosoka, wa makoswe ochepa mosatha kuyankha funso, kapena wobisidwa chifukwa zotsatira sizinakomere mwini wake. Pamenepo nyama zafa chabe. Malangizo a ARRIVE, a mu 2010 ndi okonzedwanso mu 2020, anabwera kudzathana ndi zimenezi pofuna kuti wofufuza alembe zonse zimene anachita.

Kwathu kuno makina otere ndi ochepa. Nkhaniyi ikutikhudza pati?

ARDS siyembekeza kuti dziko likhale ndi makina. Ku Rwanda, Elisabeth Riviello ndi anzake anafufuza pa chipatala chachikulu cha Kigali pogwiritsa kachipangizo ka pachala koyezera okosijeni ndi sikani ya m'chifuwa m'malo mwa zoyezera zodula. Zotsatira za mu 2016 zinaonetsa kuti odwala akuluakulu 4 pa 100 alionse ogonekedwa anali ndi matendawa, theka la iwo anamwalira, ndipo ambiri sanafike n'komwe m'chipinda cha odwala mwakayakaya.

Kuvulaza mapapo sikufunanso magetsi. Thumba lofinya ndi manja la akuluakulu limalowa mpweya pafupifupi lita imodzi ndi theka, ndipo wofinya ndi manja awiri mwamantha akhoza kupereka wowirikiza kawiri wofunikawo. Kwa makanda n'koopsa koposa. Ofufuza a ku Lund, Sweden, anaonetsa mu 1997 kuti kupopa mwamphamvu kasanu ndi kamodzi kokha kunali kokwanira kuvulaza mapapo a ana a nkhosa obadwa masiku osakwana.

Mfundo ya mphamvu yogwiriza mapapo kuti asafwape ikugwira kale ntchito m'zipinda za makanda ku Malawi. Makina a Pumani, opangidwa ndi Rice University mogwirizana ndi madokotala a pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, amapereka mpweya kudzera m'mphuno, mphamvu yake n'kumayezedwa ndi kuya kwa kapaipi m'botolo la madzi, masentimita a madzi enieni. M'kafukufuku wa mu 2014, makanda ovutika kupuma 71 pa 100 alionse anapulumuka pa makinawa poyerekeza ndi 44 olandira okosijeni wamba. Koma njira yomweyi itayesedwa pa chipatala cha Salima mwa ana okulirapo odwala chibayo choopsa, popanda dokotala wowaona tsiku lililonse, zotsatira za mu 2019 zinaonetsa omwalira 17 pa 100 alionse poyerekeza ndi 11 a okosijeni wamba. Chothandiza khanda la masiku osakwana sichinathandize mwana wa chibayo, ndipo zikanakhala zosadziwika pakanapanda kuyesa.

M'bale wanga akafunika kuikidwa pa makina, ndikane?

Musakane chifukwa cha zimene mwawerengazi. Munthu amaikidwa pa ventileta pamene popanda iyo akhoza kumwalira m'maola ochepa, ndipo ambiri omwalirira pa makina amafa ndi matenda amene anawafikitsa pamenepo. Makoswe sanatiphunzitse kuthawa makina. Anatiphunzitsa kuwachuna mofatsa, kupereka mpweya wochepa, kugwiriza mapapo kuti asafwape, ndi kuchotsa wodwala pa makina akangotha kupuma yekha.

Chodandaulitsa n'choti nzeru imeneyi, yosafuna ndalama, sitsatidwa mokwanira ngakhale m'mayiko olemera. Kafukufuku wa m'mayiko 50 wotuluka mu 2016 anapeza kuti odwala ARDS oposa mmodzi mwa atatu alionse ankapatsidwabe mpweya woposa mamililita 8 pa kilogalamu. Kawirikawiri cholakwika chimayambira pa sikelo. Kukula kwa mapapo kumayendera kutalika kwa munthu, osati kunenepa kwake. Bambo wotalika masentimita 170 amafunika pafupifupi mamililita 400 pa kupuma kumodzi, kaya akulemera makilogalamu 60 kaya 110. Mayi wa masentimita 160 amafunika pafupifupi 315. Makina akangosiyidwa pa 500 kwa aliyense, amene amavulala kwambiri ndi amayi aafupi.

Inu anamwino, madokotala ndi ogonetsa odwala a m'zipinda za odwala mwakayakaya, sungani tepi yoyezera pafupi ndi ventileta, ndipo yezani kutalika kwa wodwala aliyense musanachune makinawo.